VPN ikulumikizika koma makompyuta a ku ofesi sakupezeka

Wamawaya

Moni nonse. Ndikupempha nzeru pa nkhani ya VPN. Zinthu zinakonzedwa motere: netiweki ya ku ofesi ndi 192.168.1.0/24, rauta ili pa 192.168.1.1. Seva ya WireGuard, pulogalamu ya VPN yomwe tikugwiritsa ntchito, ili pa kakompyuta ka Ubuntu komwe adiresi yake mu ofesimo ndi 192.168.1.5, ndipo pa rauta port 51820 ya UDP inalozetsedwa kale ku kakompyutako. Mkati mwa tunnel seva ndi 10.8.0.1, laputopu ya Windows 11 ndi 10.8.0.2.

Kulumikiza kukutheka bwinobwino. Handshake ikuoneka, ping 10.8.0.1 ikuyankha. Koma kompyuta yosungira mafayilo, yomwe ndi Windows 11 Pro pa 192.168.1.20, komanso pulinta ya pa 192.168.1.30, zonse zili zii. Pa Wi-Fi ya kunyumba ping ikuti "Destination host unreachable", pomwe pa hotspot ya foni ikuti "Request timed out". Mu File Explorer, pa Network, mulibe kanthu, ndipo ndikalemba \\MAFAYILO, dzina la kompyuta ya mafayilo ija, ikubweretsa 0x80070035. Mu config ya laputopu muli AllowedIPs = 10.8.0.0/24. Ndiyambire pati?

Mlonda445

Achimwene, mwachita bwino kulemba mauthenga awiriwo momwe akuonekera, chifukwa aliwonse akuloza vuto lakelake. Koma siyani kaye File Explorer ndi dzina la \\MAFAYILO. Pofufuza zoterezi timagwiritsa ntchito ma adiresi a IP okhaokha mpaka atayamba kuyankha. Za maina zibwera pambuyo.

Handshake ikungotsimikizira kuti laputopu ndi seva zadziwana makiyi ndipo zikumvana. Sikuti paketi iliyonse yochoka pa laputopu ikulowa mu tunnel ayi. Chimene chimagamula ndi mzere wa AllowedIPs, ndipo mzerewu uli ndi ntchito ziwiri: umauza Windows ma adiresi oyenera kudzera mu tunnel, komanso umauza WireGuard kuti izilandira mapaketi ochokera ku ma adiresi okhawo. Inu mwalembamo 10.8.0.0/24 basi, ndiye paketi yopita ku 192.168.1.20 sikulowamo n'komwe. Mukakhala pa hotspot ikutulukira kwa foni, n'kukasochera kunja, popeza ma adiresi oyamba ndi 192.168 sayenda pa intaneti. Palibe woyankha, n'chifukwa chake "Request timed out".

Uthenga wa kunyumba uja ndi wodetsa nkhawa kwambiri. Muuonetsetse, mupeza kuti yankholo likuchokera ku adiresi ya laputopu yanu yomwe. Izi zimachitika rauta ya kunyumba ikamagawanso ma adiresi a 192.168.1.x. Laputopu ikuganiza kuti 192.168.1.20 ili m'nyumba momwemo, ikufunsa kudzera pa ARP kuti mwini adiresiyi ndani, osayankhidwa, kenako n'kugonja. Lembani ipconfig muli pa Wi-Fi ya kunyumba kuti mutsimikize.

Choyamba sinthani mzere uja pa laputopu ukhale chonchi:

AllowedIPs = 10.8.0.0/24, 192.168.1.0/24

Zimitsani tunnel, yatsaninso, kenako lembani route print -4. Payenera kuoneka mzere wa 192.168.1.0 wokhala ndi mask 255.255.255.0, ndipo pa Interface pakhale 10.8.0.2. Kusinthaku ndi kwa pa laputopu pokha. Pa seva, pagawo la Peer la laputopuyi, pasiyeni 10.8.0.2/32. Mukaikaponso 192.168.1.0/24 pa seva, iziyesa kutumiza mapaketi a mu ofesi kubwerera mu tunnel, ndipo mutha kudzitsekera kunja.

Kuombana kwa ma adiresi mankhwala ake enieni ndi kusamutsa mbali imodzi. Njira ziwiri zofanana kukula zikapezeka mu route table, Windows imasankha potengera metric, nambala yomwe njira iliyonse imapatsidwa, ndipo iliyonse ikapambana inayo yatayika: mwina mupeza ofesi n'kutaya zipangizo za kunyumba, mwina mosemphanitsa. Ine ndimati samutsani ofesi, osati nyumba, chifukwa 192.168.0.x ndi 192.168.1.x ndi omwe ma rauta ambiri amabwera nawo, ndiye wantchito aliyense wolumikiza kuchokera kwawo adzagwa m'dzenje lomweli. Sankhani nambala yosazolowereka, monga 192.168.73.0/24. Ngati kusamutsako sikungatheke msanga, lembani zipangizo zomwe mukuzifuna chimodzichimodzi, 192.168.1.20/32 ndi 192.168.1.30/32. Njira yopapatiza imapambana yotakata nthawi zonse, metric ikhale bwanji. Koma 192.168.1.1 musaiikemo, chifukwa nthawi zambiri laputopu imafunsa DNS, yomwe imasandutsa maina kukhala ma adiresi, pa adiresi yomweyo mukakhala kunyumba.

Pakadali pano yesererani pa hotspot kuti vuto la kuombanali lisatisokoneze. Chitani ping motsatana: 10.8.0.1, kenako 192.168.1.5, kenako pulinta, pomaliza kompyuta ya mafayilo. Mutiuze pomwe mayankho akulekera.

Wamawaya

Zikomo akulu. Ipconfig ya kunyumba yaonetsadi 192.168.1.x. AllowedIPs ndasintha, mzere wa route print ukuoneka monga mwanenera. Pa hotspot 10.8.0.1 ndi 192.168.1.5 zikuyankha. Pulinta ndi kompyuta ya mafayilo zikadali "Request timed out".

Namaseva

A Wamawaya, mbali ya laputopu yatheka, koma kuyankha kwa 192.168.1.5 kusakunamizeni kuti mwalowa mu netiweki ya ofesi. Linux imayankha pa adiresi yake iliyonse posatengera komwe paketi yalowera. Paketi imeneyo yathera pa seva pomwepo, pa waya wa ofesi sinapondepo.

Funso loyamba ndi lakuti seva ikulola kupatsira mapaketi kuchoka pa wg0, khadi la tunnel ya WireGuard, kupita pa khadi la netiweki la ofesi kapena ayi. Lembani:

sysctl net.ipv4.ip_forward

Ubuntu imabwera ndi 0, kutanthauza kuti paketi yomwe si yake imangoitaya mwakachetechete. Pangani fayilo /etc/sysctl.d/99-vpn.conf, lembanimo net.ipv4.ip_forward=1, kenako sudo sysctl --system. Ambiri amagwiritsa ntchito sysctl -w, zinthu n'kuyenda, koma seva ikazima n'kuyakanso zonse zimabwerera pakale ndipo amayambanso kufufuza vuto lomwe analithetsa kale.

Kenako onani sudo iptables -S FORWARD. Mzere woyamba ukakhala -P FORWARD DROP, mapaketi akufera pamenepo ngakhale ip_forward ili 1. Ufw, firewall ya Ubuntu, ikayatsidwa imachita zimenezi, ndiponso Docker ikaikidwa pa makina omwewo. Ngati ndi ufw:

sudo ufw route allow in on wg0 out on eth0

Pamene ndalemba eth0 muikepo dzina lenileni la khadi lanu. Lipezeni ndi ip -br addr, litha kukhala eno1 kapena enp3s0. Kukopera eth0 osayang'ana kumalepheretsa anthu ambiri zedi, chifukwa komandi imalandiridwa popanda dandaulo koma siigwira kanthu.

Tsopano pomwe ndikukayikira kwambiri: njira yobwerera. Paketi yanu ikafika pa pulinta imakhala yolembedwa kuti yachokera ku 10.8.0.2. Pulinta siidziwa kuti 10.8.0.2 ili kuseri kwa 192.168.1.5. Imangoona kuti adiresiyi si ya mu ofesi, ndiye yankho imalipereka kwa rauta, 192.168.1.1. Nayo rauta siinamvepo za 10.8.0.0/24, ndiye imaliponya ku intaneti komwe limakatayika. Zili ngati kalata yafika kwa mwini wake, iye wayankha, koma ku positi sakudziwa komwe kuli keyala ya wotumiza. Kwa inu muli pa laputopu zimangooneka ngati paketi siinafike.

M'malo mongoganizira, onani ndi maso. Pa laputopu siyani ping -t 192.168.1.30 izithamanga, pa seva tsegulani mawindo awiri:

sudo tcpdump -ni wg0 icmp
sudo tcpdump -ni eth0 icmp

Pa wg0 pakapanda kuoneka kanthu, bwererani ku laputopu. Echo request ikaoneka pa wg0 koma osaoneka pa eth0, vuto ndi ip_forward kapena FORWARD ija. Ikaoneka ponse pawiri koma echo reply osabwera, ndiye kuti ndi njira yobwerera, kapena chipangizocho chikukana dala.

Njira yobwerera imakonzedwa m'njira ziwiri. Yoyamba ndi static route pa rauta ya ofesi: destination 10.8.0.0, mask 255.255.255.0, gateway 192.168.1.5. Apa seva iyenera kukhala ndi adiresi yosasintha, kaya yolembedwa pamanja kaya yosungidwa mu DHCP ya rauta. Yachiwiri ndi kubisa ma adiresi a VPN kuseri kwa adiresi ya seva. Pagawo la Interface mu wg0.conf onjezani:

PostUp = iptables -t nat -A POSTROUTING -s 10.8.0.0/24 -o eth0 -j MASQUERADE
PostDown = iptables -t nat -D POSTROUTING -s 10.8.0.0/24 -o eth0 -j MASQUERADE

Mukatero pulinta iziona ngati yemwe akulankhula nayo ndi 192.168.1.5, mnzake wa mu ofesi momwemo, ndipo iziyankha mwachindunji osadzera pa rauta. Ma rauta ena opatsidwa ndi kampani za intaneti alibe malo olembapo static route, ndiye pamenepo MASQUERADE ndi yokhayo. Ngakhale simukufuna kuisunga, ndi yabwino poyesera: mukaiika zinthu n'kuyamba kuyankha, mwatsimikiza kuti vuto linali pobwerera.

Kadaulo_wa_LAN

Zomwe a Namaseva afotokoza ndi zoona zonse. Pamene ndikusiyana nawo pang'ono ndi pa kusiya MASQUERADE mpaka kalekale. Ngati rauta ikulola, ikani static route. Ndi MASQUERADE aliyense wolowa pa VPN amaoneka ngati 192.168.1.5, ndiye tsiku lomwe mafayilo afufutidwa, kapena wina akuyesa mapasiwedi pa kompyuta ya mafayilo, ma log sakuuzani kuti ndi laputopu iti. Simungalembenso lamulo loti uyu afike pa kompyuta iyi koma uyo ayi pa kompyuta yofikiridwayo, ndipo wa mu ofesi sangayambitse kulumikiza kupita ku laputopu, mwachitsanzo pofuna kumuthandiza mwini wake patali.

Static route nayo ili ndi misampha yake iwiri. Pulinta kapena kamera yomwe inaikidwa adiresi pamanja nthawi zambiri amaisiya yopanda default gateway, chifukwa mu ofesi imagwira ntchito chonchobe. Yoteroyo siingayankhe adiresi ya kunja kwa netiweki yake. Lowani mu makonzedwe ake muikemo 192.168.1.1. Msampha wachiwiri ndi woti popita paketi imachoka pa seva kulunjika pa kompyuta, koma pobwerera imadzera pa rauta. Rauta yokhala ndi firewall yolondoloza ma connection imaona yankho la TCP lomwe chiyambi chake sinachione, ndiye itha kulitaya. Chizindikiro chake n'chakuti ping ikuyenda koma foda siikutseguka. Zikatero mukhoza kulemba njira pa kompyuta ya mafayilo yomweyo, mu Command Prompt ya administrator:

route -p add 10.8.0.0 mask 255.255.255.0 192.168.1.5

Tsopano za kompyuta ya Windows ija. Ngakhale njira zonse zitakonzeka, ndikuyembekeza kuti pulinta iyankha koma 192.168.1.20 ikhalabe chete. Malamulo a File and Printer Sharing mu Windows Defender Firewall, pa profile ya Private ndi Public, amalola okhawo ochokera mu "Local subnet", ndipo 10.8.0.2 simo. Lamulo loyankha ping lili m'gulu lomweli, n'chifukwa chake ping si muyeso wodalirika pa Windows. Muyeso wabwino ndi kuyesa port 445 ya SMB, njira yomwe Windows imagawira mafayilo, mu PowerShell ya pa laputopu:

Test-NetConnection 192.168.1.20 -Port 445

TcpTestSucceeded ikakhala False pomwe pulinta ikuyankha, pitani pa kompyuta ya mafayilo, tsegulani PowerShell ngati administrator:

New-NetFirewallRule -DisplayName "SMB ya VPN" -Direction Inbound -Protocol TCP -LocalPort 445 -RemoteAddress 10.8.0.0/24 -Action Allow

New-NetFirewallRule -DisplayName "Ping ya VPN" -Direction Inbound -Protocol ICMPv4 -IcmpType 8 -RemoteAddress 10.8.0.0/24 -Action Allow

Remote Desktop ndi TCP 3389, ndipo popeza yanu ndi Pro ikhoza kulandira, Home siilandira. Onaninso Get-NetConnectionProfile kuti netiweki ya ofesi ili pa Private. Ngati pa kompyutapo pali antivirus yobwera ndi firewall yake, lamulo mulilembe m'menemo chifukwa iyo ndi yomwe ikulamulira.

Chonde firewall musaizimitse yonse n'kuisiya choncho, ndipo port 445 musayerekeze kuitsegula pa rauta kuti ioneke pa intaneti ngati njira yachidule. Pulogalamu yoononga makompyuta ya WannaCry ya mu 2017 inafalikira kudzera pa SMB pa port yomweyi.

Za Network yopanda kanthu ija, isiyeni, siinaonongeke. Makompyuta a Windows amadziwana pokuwa pa netiweki: WS-Discovery pa UDP 3702, NetBIOS pa UDP 137, LLMNR pa 5355, mDNS pa 5353. Zonsezi zimadalira broadcast kapena multicast, zomwe sizidutsa pa rauta, ndipo seva yanu ya WireGuard ikugwira ntchito ngati rauta. Ndiye mndandandawo ukhalabe wopanda kanthu, ndipo dzina la \\MAFAYILO silipezeka lokha. Chophweka ndi kulumikiza foda pogwiritsa ntchito adiresi:

net use Z: \\192.168.1.20\Zikalata /persistent:yes

Ngati anthu anazolowera dzina, pa malaputopu ochepa lembani mzere wa 192.168.1.20 MAFAYILO mu C:\Windows\System32\drivers\etc\hosts. Akachuluka, bola kuika DNS ya ofesi mu config ya WireGuard pa mzere wa DNS, ndipo pambuyo pa koma mulembe domain yomwe DNS yo imagwiritsa ntchito kuti maina afupiafupi azimalizidwa okha. Adiresi ya DNS yo iyenera kukhala mkati mwa AllowedIPs. Dziwaninso kuti ma rauta ena oyendera pulogalamu ya DNS yotchedwa dnsmasq amakana mafunso ochokera kunja kwa netiweki zomwe alumikizidwa nazo mwachindunji. Muyese ndi nslookup MAFAYILO 192.168.1.1 musanagawire anthu config yatsopano. Apa mpamene kuombana kwa ma adiresi komwe a Mlonda445 anena kumabweranso, chifukwa kunyumba 192.168.1.1 ndi rauta ina.

Chomaliza, ngati port 445 yatseguka koma Windows ikukanabe foda, lowani ndi dzina ndi pasiwedi za akaunti ya pa kompyuta ya mafayilo. Windows 11 24H2 imafuna SMB signing, ndipo pa Pro imakana kulowa ngati guest, ndiye mafoda omwe kale ankatseguka opanda pasiwedi amayamba kuvuta.

Wamawaya

Ip_forward inali 0, tsopano ndi 1. Tcpdump inaonetsa echo request pa makadi onse awiri popanda reply. Rauta ili ndi malo a static route, ndaikamo, pulinta yayamba kuyankha. Ndi malamulo awiri a firewall aja port 445 yabwera True ndipo foda ikutseguka. Kunyumba ndikugwiritsa ntchito ma /32. Chatsala ndi ichi: mndandanda wa mafayilo ukuoneka, timafayilo tating'ono tikutseguka, koma fayilo yaikulu ikungoima pa 0% mpaka kulephera. Intaneti ya ku ofesi imalumikizidwa ndi PPPoE.

Mlonda445

Zazing'ono zikamadutsa zazikulu n'kumaima, ganizirani MTU, malire a kukula kwa paketi yomwe ingadutse panjira. Waya wamba umanyamula paketi ya mabayiti 1500. WireGuard imaonjezera mabayiti 60 pa IPv4 kapena 80 pa IPv6, n'chifukwa chake 1420 ndi nambala yozolowereka. Koma PPPoE imadya mabayiti 8, kusiya 1492, ndiye poopa zonse tunnel iyenera kutsika kufika 1412. Netiweki zina za foni zimapereka zochepera pamenepa. Paketi yoposa muyeso ikatayidwa panjira ndipo uthenga wa ICMP wodziwitsa zimenezo ukatsekeredwa, TCP imangotumizanso paketi yomweyo mobwerezabwereza, fayilo n'kuima.

Yezani motere kuchokera pa laputopu:

ping -f -l 1392 192.168.1.20

Chilembo -f chimaletsa kudula paketi, ndipo 1392 kuphatikiza mabayiti 28 a IP ndi ICMP ndi 1420. Ikabwera "Packet needs to be fragmented but DF set", malire ali pa laputopu pomwepo. Ikangoti "Request timed out" pomwe 1200 ikuyankha, paketi ikufera panjira. Tsitsani nambalayo pang'onopang'ono mpaka mupeze yaikulu yomwe ikudutsa, muonjezere 28, ndipo yotulukayo muilembe pagawo la Interface ngati MTU, pa laputopu ndi pa seva pomwe. Pofuna kungotsimikiza msanga, ikani MTU = 1280 mbali zonse ziwiri n'kukoperanso fayilo ija. Osatsika pansi pa 1280 ngati mu tunnel mukudutsa IPv6, chifukwa awo ndi malire ake otsikitsitsa.

Pa seva muthanso kuonjezera lamulo loti TCP izigwirizana kukula koyenera poyamba pomwe:

iptables -t mangle -A FORWARD -p tcp --tcp-flags SYN,RST SYN -j TCPMSS --clamp-mss-to-pmtu

Lamuloli limatsata MTU ya makadi a seva, ndiye limathandiza pokhapokha MTU ya wg0 ili yolondola kale.

Mukadzasamutsa ofesi kupita ku 192.168.73.0/24, sankhani nthawi yomwe muli pamalopo, osati kudzera pa VPN. Zofunika kusintha ndi adiresi ya rauta ndi DHCP yake, adiresi ya seva, port forward ya 51820, gateway ya static route, adiresi ndi gateway ya pulinta, njira ya route -p ngati munailemba pa kompyuta ya mafayilo, AllowedIPs ndi DNS pa laputopu iliyonse, mizere ya hosts, komanso ma drive olumikizidwa ndi net use. Malamulo a firewall a 10.8.0.0/24 akhale momwemo, popeza ma adiresi a mu tunnel sakusintha.